Mieszko Sagona

Ku Katowice dzuwa limathawa msanga mu Disembala.
Ikamakwana folo koloko nyale za mumsewu zayaka kale,
ndipo mlongo wanga Mieszko ndiye akudzuka kumene,
maso ali psuu, foni ili m'manja
asanapeze n'komwe masilipasi.

Ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu.
Usiku wonse amanyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu ku Gliwice,
kumene munthu salankhula ndi munthu mnzake,
amalankhula ndi kamakina kolira kuti tii, tii.
Anzake a kusukulu anamwazikana: wina ali ku Oslo, wina anakwatira,
wina sayankhanso.
Anatsala ndi anyamata asanu a pa sikirini,
owomberana ndi mfuti zabodza m'tauni yabodza,
ndipo onsewo amawadziwa maina,
amadziwa amene dzanja lake limanjenjemera zikafika pothina,
amene chibwenzi chake chinatha sabata yatha.
"Si juga iyi, Dobrusia," amatero. "Juga ndi ya mbuli.
Ine ndimayamba ndawerenga."

Tsiku loyamba ndimalikumbukira.
Anabetcha maziloti makumi awiri, nadya mazana asanu ndi limodzi.
Anandigulira nsapato za nyengo yozizira, zachikopa, zofiirira,
anakwera masitepe mpaka nsanjika yachinayi akuimba mluzu.
Ndikanadziwa, ndikanaziponya mumtsinje wa Rawa.
Nsomba siiwala kukoma kwa nyambo,
imaiwala mbedza.

Bambo athu akatuluka mumgodi wa malasha
ankakhotera pa kawindo ka lotale asanafike kunyumba.
Koma kawindo kaja kankatsekedwa sikisi koloko.
Lamulungu kankapuma.
Ka Mieszko kamagona naye pa pilo,
kamamugwedeza: bonasi yako ikutha pakati pa usiku,
bwera, takusowa.
Ndani winanso mumzinda muno amamuuza kuti takusowa?

Kale ankadikira mpira wa Loweruka.
Lero sadikira kanthu.
Kona yotsatira ndi ya yani, khadi yachikasu igwera yani,
ndani afe koyamba m'raundi ino,
tenisi ya kutsidya kwa nyanja m'bandakucha
ya atsikana amene sanawamvepo chibadwire.
Mphindi iliyonse ili ndi mtengo wake.
Akadyedwa amatsegula chitini cha mowa,
chitini chikatha chala chimapepuka.
Amathamangitsa ndalama ya dzulo ndi ndalama ya mawa
ngati wozimitsa moto ndi parafini.

Lachiwiri ndinatola kalata pansi pa firiji:
ngongole yachitatu, katapila wa pa intaneti.
Njinga yake sikuoneka. Akuti ili kwa mnzake.
Za mphete ya malemu mayi sindinafunse.
Ndinaopa yankho.

Ndinamuphikira supu ya bowa.
Tinakhala pa tebulo, chipale chikugwa mwakachetechete panja,
ndinati, Mieszko, zakwana zingati?
Anayang'ana supuni.
Anati, "Kamodzi kokha, Dobrusia. Ndikangobweza zanga, ndasiya."
Mawu omwe aja, kamvekedwe komwe kaja
ka bambo ali pakhomo, malasha ali m'zikope.

Pa chitseko cha firiji ndinamata kapepala,
nambala ya anthu amene amakumana Lachinayi
m'chipinda cha pansi pa tchalitchi
kukauzana zimene anataya.
Sanakachotse. Sanaimbe.
Masiku khumi ndi awiri tsopano.
Ndimakaona m'mawa uliwonse potenga mkaka,
ngodya imodzi yayamba kupindika
ngati wina amakagwiragwira ine kulibe.

Usiku uno tramu yomaliza yadutsa.
Kuntchito sanapite.
Pansi pa chitseko chake pakudontha kuwala kwa buluu,
kenako kaphokoso ka mfuti zija, kenako zii.
Ine ndaima panja pa chipinda,
nsapato zofiirira zija kuphazi,
dzanja lili m'mwamba.

Sindinagogode.